Kununkha ndi kununkhira pa Chingerezi: mawu onsewa anachokera kuti?

Nabanda wa ku Joni:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka. Paja ndimagwira ntchito mu shopu ya mafuta onunkhira kuno ku Johannesburg. Kunabwera mayi wina wachizungu, wachikulire ndithu, ndipo atangolowa ndinamva kuti wadzola kanthu kabwino kwambiri, kokhala ngati maluwa a ndimu. Pofuna kumuyamikira ndinati, "Madam, you smell." Mumtima mwangamu ndimati, mayi mukununkhira. Nkhope yake inasintha pomwepo, anabwezera pa shelefu botolo lomwe ananyamula n'kutuluka osatsanzika. Mnzanga wa pa kauntala ndiye anandiuza kuti ndamunena mayiyo kuti akununkha. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa chibadwire sindinanyozepo kasitomala. Tsono ndithandizeni. Pa mabokosi timawerenga scent, fragrance, aroma, perfume, cologne. Kunjaku ndimamva smell, odour, stink, stench, reek. Onsewa akuti ndi fungo. Anachuluka chonchi bwanji? Anachokera kuti? Nanga ndi ati amene munthu angamuuze mnzake osamukhumudwitsa?

Mlongo wa ku Area 25:
Pepani achemwali. Inenso ndikanalankhula chimodzimodzi, kusukulu anangotiuza kuti smell ndi fungo basi. Tiyeni tidikire Aphunzitsi, nkhani ngati izi ndi zawo.

Aphunzitsi Opuma:
Nabanda mwanangu, pepani. Mtima wanu unali wabwino, chinasowa ndi liwu limodzi lokha. Mukanati "you smell lovely" kapena "that is a lovely scent", mayiyo akanasekerera. Ife Chichewa chinatipeputsira ntchito: kununkha ndi kununkhira zimasiyana ndi kachidutswa kakang'ono chabe, ndipo ngakhale mwana wa sitandade 1 sasokoneza. Chingerezi chilibe kachidutswa kotero. Liwu la smell limafuna mnzake woliperekeza. Likangoima lokha ponena za munthu, ndiye kuti munthuyo akununkha.

Tsono funso lanu lalikulu. Ndiyambe ndi stink ndi stench, omwe lero ndi oipitsitsa. Amenewa ndiwo eni nthaka, mawu a Chingerezi chakale cha zaka zoposa 1,000 zapitazo. Nthawi imeneyo ankati stincan ndi stenc, ndipo mawuwa sankasankha. Duwa linali ndi stenc, zofukiza za m'tchalitchi zinali ndi stenc, galu wakufa nayenso anali ndi stenc. Munthu ankatha kulemba za stenc wokoma popanda wina kudabwa. Ubale wa stink ndi stench ndi wofanana ndi wa drink ndi drench, liwu lija oweta mbuzi mumalimva kwa alangizi a ziweto pomwetsa mankhwala a njoka zam'mimba.

Kenako mu 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, anagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings. Kwa zaka pafupifupi 300, kunyumba ya mfumu, kukhoti ndi m'nyumba za olemera kunkamveka Chifalansa, Chingerezi n'kutsalira olima ndi oweta. N'chifukwa chake ng'ombe ikakhala m'khola ndi cow koma ikafika pa mbale ndi beef, nkhosa ndi sheep koma nyama yake ndi mutton. Woweta ankalankhula china, wakudya china. Fungo nalo linagawidwa motero. Mawu a fungo labwino analowa kuchokera ku Chifalansa ndi Chilatini: odour, scent, savour, fragrant, pambuyo pake perfume. Mawu a eni nthaka anatsala ndi za kukhola ndi kudzala.

Smell uja amayamba kuoneka m'zolembedwa cha m'ma 1200, m'mabuku akale kuposa pamenepo mulibe. Anabwera kudzakhala pakati, pamalo omwe stink anasiya. Lero nayenso wayamba kutsetserekera komwe kunapita mnzakeyo, ndipo ndi pa mtsetse umenewu pomwe mwaterereka inu.

Womasulira Mabuku:
Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu, koma theka lokha. Nkhani ya 1066 ikanakhala kuti ikufotokoza zonse, bwenzi odour lero lili liwu laulemu. Paja linachokera ku Chilatini odor, kudzera ku Chifalansa, ndipo polowa m'Chingerezi linkanena fungo lokoma. Akhristu akale ankati anthu oyera mtima amamwalira mu "odour of sanctity", kutanthauza kuti thupi lawo linkanunkhira. Nanga lero? Kamuuzeni munthu kuti ali ndi odour muone. Tikumva body odour, ndipo deodorant ndi chochotsera odour yemweyo. Liwu la kunyumba ya mfumu nalo linagwera m'dzala.

Ine ndimaona kuti gwero lake ndi manyazi a anthu, osati mtundu wa liwu. Munthu safuna kunena poyera kuti panunkha, ndiye amabwereka liwu loyera kuti aphimbire. Pakapita zaka liwu loyeralo limatenga fungo la chimene linkaphimbacho, anthu n'kukasaka lina. Ifenso timatero. Fungo ndi liwu lapakati, koma mlendo akalowa m'nyumba mwanu n'kunena kuti "muno muli fungo", palibe amene amayesa kuti akuyamikira. Ena pofuna kufewetsa amati "kafungo", komabe mwini nyumba amathamangira kutsegula mawindo.

Aphunzitsi Opuma:
Mwanena zoona amayi, ndavomera. Odour ndinamuika pamalo osayenera. Ndinganene kuti 1066 ikutiuza kumene mawu atsopano ankachokera, pomwe manyazi mwatchulawo akutiuza chifukwa chake mawu atsopanowo ankafunika nthawi ndi nthawi.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Ine ndinamva kuti perfume ndi chidule cha "perfect fume". Si choncho?

Katekisiti wa ku Dedza:
Ayi achimwene, koma mwayandikira, chifukwa fume alimodi. Ndi mawu awiri a Chilatini: per, kutanthauza kudzera, ndi fumus, utsi. Kudzera mu utsi. Anadutsa ku Chitaliyana ndi Chifalansa, ndipo pamene ankalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1530 ankanena utsi wa chinthu chomwe chikupsa, osati madzi a m'botolo. Ine zimenezi sindivutika kuzimvetsa chifukwa ndimaziona pa zikondwerero zikuluzikulu. Mnyamata wotumikira amayamba wakoleza makala kuseri kwa tchalitchi, kuwauzira mpaka afiire, n'kuwaika m'chofukizira. Bambo mfumu amatapa tinjere ta lubani ndi kasupuni, n'kuthira pa makalapo. Kumamveka kuti tsee, kenako utsi woyera n'kukwera. Tinjereto tili m'kabokosi tilibe fungo lambiri, moto ndiwo umatitsegula. Anthu akale perefyumu wawo anali ameneyo.

Fumigate ndi m'bale wake wa bere limodzi. Amene amaphimba matumba a chimanga ndi lona n'kuikamo mankhwala ophera anankafumbwe, ndi amene amagulitsa mabotolo ngati Nabanda, onse akugwiritsa liwu limodzi la utsi. Incense nayenso ndi wa moto, anachokera ku incendere, kuyatsa. Frankincense ndi Chifalansa chakale, franc encens, ndiye kuti zofukiza zenizeni, zapamwamba. Koma ine funso langa ndi ili: liwu lathu la lubani silikufanana ndi lililonse mwa amenewa. Ife tinalitenga kuti?

Mjomba wa ku Mangochi:
A Katekisiti, limenelo ndilo lathu la kunyanja kuno. Ndi Chiarabu, luban. Aswahili amati ubani. Silinadzere kwa Angerezi, linabwera ndi amalonda a kugombe, njira ya ku Kilwa ndi Zanzibar. Lubani weniweni ndi utomoni wa mtengo wotchedwa Boswellia, umene umamera m'malo ouma a ku Dhofar m'dziko la Oman, ku Yemen ndi ku Somalia. Amatema khungwa, mtengowo n'kulira misozi yoyera ngati mkaka, amaisiya iume ndiye n'kudzapala. Dzinalo likuchokera pa kuyerako. M'zilankhulo za kumeneko zilembo l, b, n zimanyamula ganizo la kuyera: laban ndi mkaka pa Chiarabu, ndipo dziko la Lebanon linatchedwa choncho chifukwa cha mapiri ake oyera. Mure amene mumawerenga limodzi ndi golide ndi lubani pa Khirisimasi, pa Chingerezi myrrh, dzina lake likuchokera ku liwu lotanthauza kuwawa. Pa Chiarabu chinthu chowawa timati murr.

Angerezi anatenganso ena kwa Aarabu. Attar, mafuta aja timadzola Lachisanu popita ku mzikiti, ndi itr. Oud amene wafala masiku ano m'mabotolo ochokera ku Dubai, tanthauzo lake ndi mtengo basi, kapena kuti thabwa. Aswahili amati udi. Nabanda mwana wanga, theka la shopu yanuyo likulankhula Chiarabu.

Wa Labu ku Zomba:
Mjomba, mwandikumbutsa nkhani yomwe ndimaikonda kwambiri mu chemistry yonse. Lubani ameneyo alinso mu petulo, kunena za dzina. Kuli utomoni wina wonunkhira wochokera ku Sumatra womwe amalonda achiarabu ankautcha luban jawi, ndiye kuti lubani wa ku Java, popeza dzina la Java ankaligwiritsa pa zilumba za dera lonselo. Utafika ku Ulaya, anthu a kumeneko anayesa kuti "lu" wa kumayambiriroyo ndi kaliwu kawo kotsogolera dzina, kofanana ndi "the", ndiye anakadula. Kunatsala banjawi, kenako benjoin, pomaliza benzoin. Mu utomoni umenewu asayansi anapezamo asidi n'kumutcha benzoic acid. Mu 1833 Mjeremani wina, Eilhard Mitscherlich, anatenthetsa asidiyo pamodzi ndi laimu n'kupeza madzi omwe anawatcha Benzin. Ndiwo benzene wathu wa lero, yemwe Michael Faraday anali atamupeza kale mu 1825 mwa njira ina. Mpaka pano petulo pa Chijeremani ndi Benzin, pa Chitaliyana benzina. Ambiri amayesa kuti dzinalo linachokera kwa Karl Benz wa magalimoto, koma mu 1833 iyeyo anali asanabadwe.

Si zokhazo. Gulu lonse la mankhwala a mtundu wa benzene timalitcha aromatic, chifukwa oyamba kupezeka anachokera ku zinthu zonunkhira. Lero liwulo mu labu likunena za kamangidwe ka molekyu, fungo lilibenso nazo ntchito, ndipo ena mwa ma aromatic amanunkha zoti simungakhale nawo m'chipinda chimodzi. Palinso maina ena omwe asayansi anapereka ndi mphuno. Bromine, wopezeka mu 1826, ndi Chigiriki bromos, kununkha koipa. Osmium wa mu 1803 ndi osme, fungo. Ozone ndi ozein, kutulutsa fungo, chifukwa cha kafungo kaja kamamveka magetsi akathetheka.

Katekisiti wa ku Dedza:
Ndiye kuti chofukizira changa ndi thanki ya minibasi ndi pachibale! Izi ndikawauza ana otumikira Lamlungu.

Nabanda wa ku Joni:
Zikomo nonse, ndikulemba m'kope. Aphunzitsi, pali lina lomwe makasitomala akwathu amandifunsa pafupifupi sabata iliyonse. Akaona botolo lolembedwa eau de toilette amabwerera m'mbuyo, ati amenewo ndi opopera kuchimbudzi. Ine ndimangoti ayi ndi odzola, koma chifukwa chake sindichidziwa.

Aphunzitsi Opuma:
Apa ndi pomwe mfundo ya amayi Womasulira ikuonekera bwino. Toile pa Chifalansa ndi nsalu, toilette ndi kansalu kakang'ono. Kansaluko ankayala pa tebulo pomwe munthu ankakhala podzikonza, popesa ndi podzola. Dzina linachoka pa nsalu n'kupita pa tebulo, kenako pa ntchito yodzikonzayo, kenako pa chipinda chake. Tsono anthu pochita manyazi kutchula chimbudzi anayamba kubwereka dzina la chipinda chodzikonzeracho, monga ife timati "ndikupita kuseri" kapena "kukadzithandiza". Chimbudzi chinalanda liwulo m'Chingerezi, koma pa botolo lanulo lasunga tanthauzo lakale. Eau ndi madzi. Auzeni kuti ndi madzi odzikonzera.

Cologne ndi dzina la mzinda, Köln wa ku Germany, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine. Mtaliyana wina, Giovanni Maria Farina, yemwe Ajeremani amamutcha Johann Maria Farina, anakhazikika kumeneko ndipo bizinesi ya banja lawo inayamba mu 1709. Madzi ake onunkhira zipatso za mtundu wa ndimu ndi malalanje anawatcha madzi a ku Cologne polemekeza mzinda womwe unamulandira. Dzina la mzindawo ndi Chilatini, Colonia, lomwe Aroma anaupatsa m'chaka cha 50. Ndiye cologne ndi colony ndi liwu limodzi.

Wa Labu ku Zomba:
Ndiwonjezereko za ntchito yanu achemwali. Maina amenewa masiku ano akusonyeza kuchuluka kwa mafuta enieni mu spiriti. Parfum amakhala ndi magawo 20 kapena kuposa pa 100 alionse, eau de parfum cha pa 15 mpaka 20, eau de toilette cha pa 5 mpaka 15, cologne osapitirira 5. Makampani amasiyanako pang'ono, koma makwerero ake ndi amenewo. N'chifukwa chake cologne amatha msanga pakhungu ndipo mtengo wake ndi wotsika.

Namwino ku Leeds:
Moni akuluakulu. Ine ndimasamalira okalamba kuno, ndipo mawu omwe ndimamva tsiku ndi tsiku si a m'mabotolo ayi. Agogo akuno amati "what a pong" pakanunkha, koma amanena moseka, silipweteka. Whiff ndi kafungo kongodutsa ndi mphepo. Reek ndiye loopsa. Munthu akati "he reeks of beer", ndiye kuti mowa ukuchita kuti guu asanatsegule n'komwe pakamwa. Mnzanga wa ku Scotland anandiuza kuti kwawo reek ndi utsi, ndipo mzinda wa Edinburgh amautchula kuti Auld Reekie chifukwa cha utsi wa malasha womwe unkauphimba kale. Ndiye a Katekisiti, utsi wanu uja wabweranso.

Liwu lina lomwe ndinaliphunzira movutika ndi anosmia, kusamva fungo. Mu May 2020 boma la kuno linaliika pa mndandanda wa zizindikiro za Covid. Inenso zinandigwera. Ndinakazinga anyezi ndi tomato, poto ali patsogolo panga, nthunzi ikundimenya kumaso, koma mphuno ziii. Ndinakatenga sopo, ndinakatenga bulichi, palibe. Ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira. Chakudya chonse chinasanduka gaga. Fungo litayamba kubwerera linabwera lopotoka, khofi ankanunkha ngati zinyalala zopsa, ndipo zimenezo amati parosmia. Zinanditengera miyezi. Kuyambira pamenepo nkhani ya fungo sindiitenga mopepuka.

Aphunzitsi Opuma:
Pepani mwanangu, tithokoze kuti munachira. Mnzanuyo ananena zoona. Reek pa Chingerezi chakale anali utsi, ndipo abale ake akadalipo: Ajeremani utsi amati Rauch, kununkhiza amati riechen. Likulu la Iceland, Reykjavik, tanthauzo lake ndi gombe la utsi, chifukwa cha nthunzi ya akasupe otentha. Taonani tsono, reek ndi perfume onse anabadwa ku utsi. Wina anadzera pa moto wa m'khitchini ya mlimi, wina pa guwa ndi pa tebulo la olemera.

Zomwe mwanena za chakudya kusanduka gaga zikugwirizana ndi mbiri ya flavour. Polowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, liwulo linkatanthauza fungo, za kukoma kwa pakamwa zinabwera pambuyo.

Koma liwu lomwe ndimalikonda pa onse ndi scent, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Linachokera ku Chifalansa sentir, kuchokera ku Chilatini sentire. Poyamba ankalemba sent, chilembo c chinalowetsedwa m'zaka za m'ma 1600 ndipo sichinatchulidwepo. Linali liwu la alenje, lonena za galu wotsata fungo la nyama. Tsono sentire ndi chiyani? Ndi kumva. Kumva kwathu komweku. Ife timamva mawu, timamva kuwawa, timamva njala, timamva fungo, timamva kukoma, timamvanso nkhani ikalowa m'mutu. Ndili mphunzitsi ndinkawadula mamalikisi ana polemba kuti "I hear a smell", ndipo pa mayeso ndinkayenera kutero. Koma Mtaliyana mpaka lero amagwiritsa sentire pa khutu, pa khungu ndi pa mphuno pomwe, ndipo Mfalansa amagwiritsa sentir pa mphuno ndi pa mtima. Mwana wa ku Ntcheu wolemba chiganizo chijachi ankaganiza monga ankaganizira Aroma. Sense, sentiment ndi consent onse ndi ana a kumva komweko. Ndikanakonda ndikanawauza zimenezi ana aja pobweza makope awo, kuti adziwe kuti maganizo awo sanali opotoka, Chingerezi chokha ndicho chinagawa kumva m'zipinda.

Womasulira Mabuku:
Zimenezi zandikhudza Aphunzitsi. Pa ntchito yanga ndimalimbana nazo mobwerera: Chingerezi chikati feel, hear, smell, taste m'ndime imodzi, ine ndimakhala ndi kumva kanayi, ndiye ndimayamba kusaka njira yoti owerenga asatope.

Ndichenjezeko za fragrant, popeza ife l ndi r timawasinthanitsa osazindikira. Fragrant ndi Chilatini fragrare, kutulutsa fungo lamphamvu. Flagrant ndi flagrare, kuyaka moto, ndipo lero amanena za cholakwa chochitidwa poyera mopanda manyazi. Ndinaonapo kalata ya ofesi ina yodzudzula wantchito chifukwa cha "fragrant abuse of office". Komabe tisadzione ngati ndife tokha. Anthu olankhula Chilatini cha m'misika nawonso anasinthanitsa zilembo zomwezo, fragrare n'kukhala flagrare, ndipo m'menemo munatuluka Chifalansa flairer, kununkhiza. Ndiye flair uja timati wosewera mpira ali ndi flair, poyamba inali mphuno ya galu wosaka.

Mlimi wa ku Karonga:
Ine funso langa ndi la aroma. Pa mapaketi a mpunga wathu wa Kilombero amalemba kuti aromatic rice. Bwanji salemba perfumed kapena scented? Mpunga umenewu ukamapsa, munthu wodutsa pamsewu amadziwa kuti nyumba iyo kwaphikidwa chiyani. Ngakhale kumunda, ukamachita maluwa, m'mawa mame asanaume umamveka.

Aphunzitsi Opuma:
Bambo, aroma ndi Chigiriki, ndipo tanthauzo lake loyamba silinali fungo koma chinthu chenichenicho: zokometsera chakudya, zitsamba zonunkhira. Tanthauzo la fungo linafala m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1800. N'chifukwa chake liwuli silinachoke kukhitchini, limayenda ndi khofi, buledi, mpunga. Perfumed rice angamveke ngati wina wathirapo za m'botolo. Amwenye mpunga wawo anangoutcha basmati, kutanthauza wonunkhira.

Katekisiti wa ku Dedza:
Liwu la aroma lomwelo lili pa Marko 16, pomwe amayi aja anagula zonunkhira kuti akadzoze thupi la Ambuye. Chigiriki chake ndi aromata. Ankanyamula zinthu m'manja, osati fungo chabe.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Koma akuluakulu tivomereze, Chichewa chathu n'chosauka. Taonani mawu onsewa. Ife tili ndi fungo, kununkha, kununkhira, basi. Azungu ali ndi liwu ngakhale la fungo la mvula, petrichor. Ife tingati chiyani?

Wa Labu ku Zomba:
Achimwene, petrichor si liwu la makolo a Angerezi. Linapangidwa mu 1964 ndi asayansi awiri a bungwe la CSIRO ku Australia, Isabel Joy Bear ndi Richard Thomas, ndipo anatola zidutswa za Chigiriki: petra, mwala, ndi ichor, madzi omwe nthano zawo zinkati amayenda m'mitsempha ya milungu. Chaka chimenecho n'chomwe Malawi analandira ufulu, ndiye kuti agogo ambiri pagulu pano ndi aakulu kuposa liwulo. Mbali ina ya fungolo ndi geosmin, wopangidwa ndi tizilombo ta m'dothi totchedwa Streptomyces. Ndi yemweyo amachititsa kuti nsomba za m'madamu nthawi zina zizimveka matope.

Mlimi wa ku Karonga:
Mwana wanga, ine sindikuvomera. Mvula imene imabweretsa fungo limenelo ife tinaipatsa dzina kalekale, chizimalupsa. M'liwu limodzi muli nyengo, muli tchire lopsa, muli phulusa lomwe madontho oyamba akugwera. Ukangolitchula, aliyense wokulira kumudzi fungolo limamufika m'mphuno. Angerezi ali nalo liwu la mvula imeneyo?

Womasulira Mabuku:
Ndipo werengani bwino zomwe zanenedwa pano. Pa mawu onse aja, a Angerezi eni ake ndi stink, stench, reek ndi smell. Ambiri mwa enawo ndi obwereka kwa Afalansa, Aroma, Agiriki, Aarabu. Ife tikabwereka perefyumu ndi lubani mukuti ndi umphawi, iwo akabwereka mukuti ndi chuma. Komanso chuma chathu chili pena. Kuchokera ku tsinde limodzi timapanga kununkha, kununkhira, kununkhiza, kununkhitsa, zonunkhiritsa, ngakhale dzina la chiwala chija nunkhadala. Tili ndi kuvunda, kusasa, kuwola, chilichonse ndi fungo lake. Tili ndi guu yemwe a Namwino amugwiritsa pamwambapa, ndipo ndayesapo kumumasulira m'Chingerezi, sizitheka ndi liwu limodzi. Pomwe ndingavomereze ndi pa malonda: mawu osiyanitsa mitundu ya mafuta a m'botolo tilibe, chifukwa ntchitoyo sinakulire kwathu. Inakulira ku Grasse, kum'mwera kwa France, komwe ofufuta zikopa anayamba kununkhiritsa magolovesi pofuna kubisa fungo la chikopa.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Pa chizimalupsa mwandigwira bambo. Koma pa malonda ndiye ndaima pomwepo, tikufunika mawu athu.

Mjomba wa ku Mangochi:
Ndisanapite kokagona, pali nyama yathu yomwe yaiwalika. Fungwe. Angerezi amati civet, kuchokera ku Chiarabu zabad, dzina la mafuta omwe nyamayi imatulutsa pansi pa mchira. Amene anapezapo pomwe fungwe wapaka pa chitsa akudziwa kuti sipaimika. Koma kadontho kakang'ono kakasungunulidwa kwambiri kamanunkhira, ndipo kamathandiza kuti perefyumu akhalitse. Ku Ethiopia amaweta nyamazi m'zikwere chifukwa cha mafuta amenewo. Musk naye ndi wa nyama, kagwape ka m'mapiri a Himalaya, ndipo dzinalo linadzera ku Chiperisiya. Masiku ano ambiri mwa mafuta amenewa amapangidwa mu labu.

Nabanda wa ku Joni:
Mwadzuka bwanji nonse. Lero ndinafika msanga, shopu isanatsegulidwe, n'kuyamba kuwerenga mabokosi limodzi limodzi. Mjomba, pa botolo lina la ku Dubai alemba oud, musk ndi olibanum. Ndafunsa m'bale wa ku Somalia yemwe amatibweretsera katundu kuchokera ku Mayfair, dera la kuno ku Joni, akuti olibanum ndi lubani yemweyo. Pa lina ndapeza benzoin, ndipo kuseri kwa pafupifupi bokosi lililonse, m'tizilembo ting'onoting'ono, muli benzyl benzoate. Cha m'ma 10 koloko kunabwera bambo wina wa ku Mzimba kudzagulira akazi awo mphatso, anaona eau de toilette n'kuyamba kukayika. Ndinawafotokozera za kansalu ka pa tebulo, anagula. Mayi wa Loweruka uja sanabwerenso. Ndimamuona nthawi zina akudutsa kupita ku famase yoyandikana nafe, ndiye ndikadzamuona ndidzatuluka kukapepesa. Aphunzitsi, ndikadzati "I meant your scent was lovely", zikhala bwino?

Aphunzitsi Opuma:
Zikhala bwino kwambiri mwanangu. Muyambe ndi "I am sorry about Saturday", kenako chiganizo chanucho. Ndipo mudzamufunse dzina la mafutawo, ngati anali a maluwa a lalanje osati a ndimu mwina adzakuuzani kuti ndi neroli.